Mapanelo ali mbwee pa Golomoti koma kushopu magetsi akuzimabe, vuto lili pati?

Funso lalero latumizidwa ndi achimwene ena owotcherera zitsulo pamsika wina ku Dedza. Akuti: "Ndimadutsa pa Golomoti kawirikawiri, mapanelo a sola adzaza munda wonse, koma kushopu kwanga magetsi akungozimabe, geti ya kasitomala imatha masiku atatu isanathe. Kodi zoti dzuwa, mphepo ndi madzi zingapereke magetsi okwanira m'maiko osauka ngati lathuli ndi zoona, kapena ndi nkhani zokometsera chabe za mabungwe? Nanga ineyo ndigule sola kapena jenereta?"

Achimwene, zikomo kwambiri, ndipo pepani ndi geti ya masiku atatuyo, ndikudziwa m'mene zimawawira kasitomala atapereka kale dipoziti nkumabwera m'mawa ndi madzulo kudzakuyang'anani m'maso. Ndikuyankheni mosazungulira: ndi zoona, zingatheke, ndipo ife a Malawi sitikuyenera kuchita kuuzidwa ndi mabungwe chifukwa magetsi omwe mumawotcherera nawowo, akakhalapo, ambiri mwa iwo ndi amadzi. Takhala tikudalira madzi kuyambira 1966 pomwe siteshoni ya magetsi ya Nkula A inayamba kugwira ntchito. Vuto lathu si loti dzuwa kapena madzi ndi zabodza ayi. Vuto ndi loti tinayika moyo wa dziko lonse pa mtsinje umodzi, ndipo dzuwa lomwe labwera kudzathandizali limalowa nthawi yomwe tikulifuna kwambiri.

Tiyambe ndi Shire. Kuchokera cha ku Matope kutsikira ku Chikwawa mtsinjewu umagwa mamita oposa 350 m'mathithi otsatizana, nde ndi pamenepo pomwe anamanga Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi omwewo akazunguza makina pa Nkula amakazunguzanso pa Tedzani kenako pa Kapichira. Nzeru yabwino ndithu. Zonse pamodzi, kuphatikiza ka Wovwe ka ku Karonga komwe ndi ka mamegawati 4.5 okha, EGENCO, kampani ya boma yopanga magetsi, ili ndi mamegawati pafupifupi 390 a madzi. Koma taonani, chilichonse chogwera Shire chimagwera tonse nthawi imodzi. Nyanja ya Malawi itatsika mu 2016 ndi 2017 munaona nokha, magetsi ankabwera pakati pausiku anthu nkumadzuka 1 koloko kukasita ndi kugayitsa, mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo a Aggreko a mamegawati 78 omwe magetsi ake anali odula koopsa. Kenako mu January 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka tsiku limodzi, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi athu amadzi, ndipo sanabwerere mpaka 2023. Madzi akachepa tili mumdima, akachuluka tilinso mumdima. Walira mvula walira matope, ndipo kwa ife mawuwa ndi enieni, mvula ikagwa kumtunda komwe mitengo inatha ndi makala, dothi, zinyalala ndi namasupuni zimatsika nkudzatseka pomwe makina amamwera madzi, ainjiniya nkuzimitsa makina kuti achotse.

Pali chinthu china chomwe anthu ambiri sachidziwa ndipo chimandisowetsa tulo ndikachiganiza. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja ya Malawi inatsika mpaka madzi anasiya kutulukira mu Shire, zaka pafupifupi 20. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula. Lero zitachitikanso, Kamuzu Barrage ya pa Liwonde ingathandize kusunga madzi ndi kuwatulutsa mwa dongosolo, koma singapange madzi omwe kulibe. Anzathu a ku Zambia analawako zotere mu 2024, madzi a damu lawo la magetsi la Kariba atatsika kwambiri ndi chilala anthu ankakhala maola oposa 20 patsiku opanda magetsi, chaka chomwecho ife kuno nyanja inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Maiko oyandikana, chaka chimodzi, wina madzi asowa wina asefukira. Musaiwale zimenezi, ndibwererako.

Tsopano mapanelo a pa Golomoti aja. Ndi a mamegawati 20, anayamba kupereka magetsi mu 2022. Ku Salima, pa Nanjoka, kuli aakulu kuposa pamenepo, mamegawati 60, a 2021, ndipo ku Nkhotakota kulinso ena a 21. Mukaphatikiza ndi 101, zomwe si zochepa kwa dziko lomwe zaka khumi zapitazo linalibe olo munda umodzi wotere. Nde bwanji mukuzimiridwabe? Choyamba, magetsi a pa Golomoti sapita kwa anthu a pa Golomoti okha, amalowa m'mawaya akuluakulu a ESCOM nkusakanikirana ndi ena onse, ngati ndowa yothira mu mtsinje, ndipo ngati dziko lonse likufuna zambiri kuposa zomwe zilipo, laini yanu imadulidwabe malinga ndi ndondomeko olo mapanelo mukuwaona ndi maso. Chachiwiri, 20 ija ndi ya dzuwa lili paliwombo kumwamba kopanda mtambo. M'mawa ndi pang'ono, madzulo ndi pang'ono, usiku ziro, nthawi ya chiperoni kapena m'dzinja mitambo itaphimba amatsika kwambiri. Mukawerengera chaka chonse, usana ndi usiku, munda wa sola umapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a nambala yolembedwayo. Sikuti akunama, ndi m'mene dzuwa limayendera basi.

Ndipo chachitatu, chomwe ndi chachikulu, dziko lathu limafuna magetsi ambiri kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo kufika cha m'ma 8, anthu aweruka, mahotipuleti ayaka, nsima ili pamoto, ma TV, mababu nyumba iliyonse. Nthawi yomweyo ndi yomwe dzuwa likulowa. Ndichifukwa chake pa Golomoti anayikapo mabatire, ndipo inali ntchito yoyamba ya mtundu umenewu kuno, koma ndi a mamegawati 5 kwa maola awiri okha, amathandiza kuti magetsi asagwedezeke mtambo ukadutsa komanso kukankhako pang'ono madzulo, sangasenze dziko.

Vuto lina sili nkomwe kopangira magetsi. Thiransifoma ya pamsika panu mwina anaiyika pomwe panali mashopu khumi, lero pali zigayo ziwiri, owotcherera anayi, mabala, mafiliji a freezes, saluni, nde imangotentha ndi kugwetsa fyuzi. Kwina akuba amakhetsa mafuta a mu thiransifoma ndi kusolola kopa, kwina mapolo agwa ndi chiswe kapena mvula. Mungamange minda ya sola khumi, ngati waya wofika kwa inu ndi wofooka geti ija ikhalabe. Izi sizichitika kuno kokha. Ku Kenya anamanga makina a mphepo 365 pafupi ndi Lake Turkana, mamegawati 310, anatha mu 2017, koma laini ya makilomita oposa 400 yotengera magetsiwo inachedwa mpaka chakumapeto kwa 2018, makina ali chiimire mphepo ikungodutsa, dziko nkumalipira chindapusa pa magetsi omwe silinagwiritse ntchito.

Kenya yomweyo ndi yomwe ndimakonda kuitchula anthu akamati zimenezi ndi za maiko olemera. Magetsi awo pafupifupi 90 pa 100 alionse amachokera ku zinthu zosatha, ndipo chinsinsi chawo ndi choti sadalira chimodzi: nthunzi yotentha yochokera pansi pa nthaka ku Olkaria, yomwe anayamba kuikumba kalekale ndipo siteshoni yoyamba inayaka mu 1981, imapereka usana ndi usiku kaya kuli chilala kaya mvula, kenako madzi a mtsinje wa Tana, kenako mphepo, kenako dzuwa. Chimodzi chikafooka china chimagwirira. Ifenso tili m'chigwa chomwecho cha Rift Valley, akasupe otentha alipo ku Chiweta ndi ku Nkhotakota, koma ndisakupatseni chiyembekezo chopitirira, kukumba chitsime chimodzi chofufuzira ndi mamiliyoni a madola ndipo mutha kukumba osapeza nthunzi yokwanira. Ethiopia inasankha damu lalikulu pa Blue Nile la mamegawati oposa 5,000, Morocco inadzaza chipululu cha ku Ouarzazate ndi magalasi ndi mapanelo. Aliyense wagwira chomwe Mulungu anamupatsa pafupi.

Ife chomwe tinapatsidwa ndi dzuwa ndi nyanja, ndipo ubwino wake ziwirizi zimasinthana bwino. Miyezi ya September, October, November pomwe madzi amakhala atatsika ndi pomwe dzuwa limaswa mtengo. Masana dzuwa ligwire ntchito, madzi asungidwe, madzulo madzi atsegulidwe. Chovuta ndi choti madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi aang'ono, ndipo matope anadya malo ena, sangasunge madzi ambiri a masana kudikira madzulo. Apa ndi pomwe Mpatamanga ikubwera, damu lomwe akufuna kumanga pa Shire pakati pa Tedzani ndi Kapichira, la mamegawati pafupifupi 358, lokonzedwa kuti lizisunga madzi nkuwatulutsa mwamphamvu nthawi ya madzulo ija. World Bank inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni mu 2025. Ine ndimaifuna ntchito imeneyi ndi mtima wonse, chifukwa ikatha titha kuwonjezera minda ya sola yambiri osaopa madzulo. Koma ndinenenso poyera kuti ndi Shire yemweyo. Imathetsa vuto la madzulo, siithetsa vuto la nyanja kuphwa. Komanso pali mabanja omwe minda ndi manda a makolo awo zidzamira, amenewo alipidwe mokwanira ndi mwaulemu ntchito isanayambe, osati kumawathamangitsa ndi malonjezo.

Za Zambia ndi Mangochi zija ndimati ndibwererako, tanthauzo lake ndi ili: chilala sichigwira maiko onse mofanana, ndiye dziko lolumikizana ndi anzake limagula likasowa nkugulitsa likachulukitsa. Malawi anakhala zaka zambiri ali yekhayekha ngati chilumba. Laini ya mphamvu ya 400 kV yochokera ku Matambo ku Tete kudzafika pa Phombeya ku Balaka, makilomita 218, cholinga chake ndi chimenecho, kutilumikiza ndi Mozambique komanso msika wa magetsi wa kum'mwera kwa Africa. Kwa ine waya umenewu ndi wofunika ngati siteshoni yatsopano.

Ena amati bwanji osangomanga ya malasha, ngati Kam'mwamba ya ku Neno ya mamegawati 300 yomwe yakhala ikukambidwa zaka zambiri. Sindimawanyoza, munthu amene wakhala mumdima ali ndi ufulu wofunsa zimenezo, ndipo maiko olemera analemera ndi malasha omwewo. Koma ndalama zake zinauma, China yomwe inkakongoza ntchito zotere inalengeza mu 2021 kuti yasiya kumanga masiteshoni a malasha kunja. Pomwe mitengo ya mapanelo inagwa ndi pafupifupi 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020, ndipo munda wa sola umamangidwa chaka chimodzi kapena ziwiri pomwe damu limadya zaka zisanu kapena kuposa.

Nde ngati mapanelo atchipa chonchi, chikutikanika ndi chani? Ndalama, achimwene, makamaka mtengo wa ngongole ndi foreksi. Jenereta mumagula motchipa nkumalipira dizilo tsiku ndi tsiku. Sola ndi damu mumalipira zonse poyamba, zaka 20 za magetsi mumazigula tsiku limodzi, ndiye mtengo wa yuniti umadalira kwambiri chiwongola dzanja cha ngongole yomangira. Panelo yomweyo, ku Germany komwe dzuwa ndi lofooka kuposa la ku Nsanje, imatha kutulutsa magetsi otchipa chifukwa iwo amakongola pa chiwongola dzanja chochepa, ife amationa ngati oopsa kutikongoza. Chimenechi chimandipweteka, chifukwa ndi osauka amene akulipira zambiri pa dzuwa lomwe ali nalo lochuluka. Onjezerani apa: mapangano ogulitsa magetsi otere nthawi zambiri amawerengedwa mu dola, pomwe inu mumagula mayunitsi mu kwacha. Kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022 kenako 44 pa 100 mu November 2023, ngongole ya dola inakula usiku umodzi koma ndalama zotolera kwa makasitomala zinali zomwezo. Wofuna kumanga munda wina amayang'ana zimenezi, amafunsa kuti kodi ogula adzandilipira pa nthawi yake, nanga kwachayo ndidzaisintha kuti kukhala dola.

Ndipo tisaiwale kuti inu ndi ine tikudandaula za kuzima chifukwa tili ndi waya. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 ndi zomwe zimaunikira magetsi a ESCOM. Kwa agogo a kumudzi komwe polo yapafupi ili makilomita 30, kapanelo kapadenga, mababu atatu ndi potchajira foni ndi kusintha kwa moyo, mwana amawerenga usiku popanda utsi wa koloboyi. Pakatikati pali timagetsi ta m'dera, ngati ta ku Bondo ku Mulanje tochokera mu mtsinje wa Lichenya, kapena ta sola ta ku Sitolo ku Mchinji ta makilowati 80. Pa timagetsi totere ndaphunzira chinthu chimodzi, sitikhala moyo ndi mababu okha. Pamafunika chigayo, wowotcherera ngati inu, pampu yothirira, filiji ya nsomba kapena mkaka, anthu ogwiritsa ntchito magetsi masana nkumalipira, ndi amene amapangitsa kuti papezeke ndalama yosinthira mabatire.

Za mabatirezi ndinaziona ndi maso pa kachipatala kena kakumudzi komwe anandiitana kuti sola yafa. Ndinapeza mapanelo abwinobwino padenga, koma fumbi ndi zitosi za mbalame zitakuta moti ndinalembapo ndi chala, m'kachipinda mabatire asanu ndi atatu atatupa m'mbali ngati mabanzi, mitu yake itachita dzimbiri loyera. Anamwino anandiuza kuti usiku wathawo anabereketsa mayi wina ataluma foni pakamwa kuti tochi iwunikire. Omwe anapereka zipangizozo anajambulitsa zithunzi nkupita, sanasiye munthu wophunzitsidwa, sanasiye ndalama ya mabatire atsopano, ndipo wina anali atalumikizapo ketulo. Zaka zitatu zokha. Dzuwa linalipo tsiku lililonse pamwamba pa denga limenelo. Kuyambira pamenepo ndikamva za ntchito ya sola funso langa loyamba limakhala loti adzapukute ndani, adzakonze ndani, batire ikafa ndalama idzachokera kuti.

Tsopano za shopu yanu. Musathamangire kugula kalikonse, yambani mwayang'ana makina anu owotcherera. Ngati ndi akale aja a koyilo, olemera, opangidwa pamsika kapena a mafuta, amenewo amakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi mukangogunditsa rodi, amagwetsa inveta ya sola, kabokosi kosintha magetsi a mapanelo ndi batire kukhala ngati a ESCOM, ndipo atha kuiwotcha. Makina ang'onoang'ono amakono aja onyamula ndi dzanja limodzi, omwe nawonso amawatcha a inveta ngakhale si inveta ya sola ija, amadya pang'ono, pa rodi ya 2.5 amakoka cha m'ma kilowati atatu, ndipo mageti, mafelemu a mawindo ndi mabagala ambiri amatheka ndi rodi imeneyo. Kusintha makina kokha kumachepetsa kukula kwa sola kapena jenereta yomwe mungafune.

Mwayi wanu ndi woti ntchito yanu ndi yamasana, simuli ngati mwini bala amene amafuna magetsi usiku. Panelo imodzi ya mawati 550 kuno imapereka mayunitsi awiri kapena awiri ndi theka patsiku la dzuwa labwino. Mapanelo asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, inveta yosachepera makilowati 5 ya mtundu wolandira sola, batire ndi ESCOM pamodzi, ndi batire ya lithium ya mayunitsi asanu yogwirira pomwe makina akoka mwamphamvu kapena mtambo wadutsa, zimenezi zitha kuyendetsa makina amodzi ang'ono ndi galainda, bola osayatsa zonse nthawi imodzi, kuyambira cha m'ma 9 m'mawa mpaka 3 masana. Mabatire a galimoto musayese, sanapangidwire kutsitsidwa tsiku ndi tsiku, miyezi yochepa afa. A asidi a sola amakhala zaka ziwiri kapena zitatu, a lithium abwino amatha kufika zaka khumi mukawasamala ndi kuwaika pozizira. Ndipo samalani ndi mapanelo a mumsika olembedwa mawati 300 koma kukula kwake ngati thireyi, panelo ya 550 yeniyeni ndi yaitali kuposa chitseko cha nyumba. Woyika akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, akupatseni lisiti ndi galanti yolembedwa.

Jenereta ndi yotchipa pogula, ndipo pa zitsulo zokhuthala za rodi ya 3.2 kapena 4 tsiku lonse, monga matelala a ngolo ndi mathanki, imaposa sola yaing'ono. Koma mukudziwa nokha mizere ya pa filling station zaka zino, ndi mtengo wa mafuta a m'zigubu. Nde chitani izi: kwa mwezi umodzi lembani m'kope maola omwe magetsi anazima nthawi ya ntchito, ntchito zomwe munataya kapena kuchedwetsa ndi ndalama zake, komanso malita omwe jenereta ikanamwa. Mukapeza kuti zotayika pa chaka zikufika gawo limodzi mwa atatu a mtengo wa sola, gulani sola, ibweza ndalama zake batire isanakalambe. Zikakhala zochepa kwambiri, sinthani makina kaye, gulani jenereta yapakati, sola muziyika pang'onopang'ono kuyambira ndi inveta yabwino yomwe mudzawonjezerepo mapanelo. Ngati pamsikapo muli owotcherera angapo, kambiranani ndi wa saluni ndi wa mafiliji, kugula sisitemu imodzi yokulirapo anthu atatu kumatchipa kusiyana ndi aliyense yake, bola mugwirizane polemba za mita ya aliyense ndi thumba la batire.

Munditumizire chithunzi cha kachitsulo kolembedwa manambala kumbuyo kwa makina anuwo ndi ka pa galainda, mundiuzenso rodi yomwe mumagwiritsa ntchito kwambiri ndi mbali yomwe denga la shopu linapendekera, chifukwa kuno mapanelo amafuna kuyang'ana kumpoto. Ndikaona zimenezo ndikuwerengerani kukula kwenikweni kwa inveta ndi batire musanapite kwa ogulitsa.